Mawu Amene Lumo Anaphunzitsa Mlamu Wake

Dzina lakuti Lumo sanalipeze chifukwa cha ntchito yake yometa anthu, ngakhale alendo ankaganiza choncho. Analipeza chifukwa cha pakamwa. Munthu ankalowa m'kanyumba kake kometeramo ali ndi tsitsi ndi ulemu wake, n'kutuluka zonse zitagwera pansi, koma akuseka, ndipo mwezi wamawa ankabweranso. Mkatimo munali mipando iwiri yozungulira, galasi lalitali lothimbirira m'mphepete, ndi benchi imene pankakhala amuna osafuna kumeta n'komwe, ongodzamva zimene Lumo anene lero.

Mlongo wake, amene pakhomo ankangomutcha Chitsirizira, anamulera ndi iyeyo. Bambo awo anachoka ana adakali aang'ono, osabweranso, ndipo Lumo anasiya sukulu n'kugwira makina ometera kuti mtsikanayo aphunzire. Anaphunziradi, mpaka anakapeza ntchito pachipatala cha kudziko lina, yothandiza anthu othyoka miyendo kuti ayambenso kuyenda.

Kumeneko n'kumene anakumana ndi mwamuna wake. Anali mmisiri woika magetsi a dzuwa pamadenga, wochokera kudziko linanso lakutali, ndipo anabwera kuchipatalako atagwa pamakwerero. Anali wodwala wamantha, woti akangoponda pansi n'kutseka maso, ndipo Chitsirizira ankamukalipira ngati mwana. Atachira sanasiye kubwera. Ankalowa akutsimphina, akudandaula kuti mwendo wayambanso, mpaka tsiku lina mtsikanayo anamuuza kuti ngati akufuna kunama azikumbukira mwendo umene unathyoka, chifukwa lero akutsimphinira winawo. Mwamunayo anachita manyazi mpaka m'makutu, n'kuvomera kuti chimene chinkamupweteka sichinali mwendo. Ankalankhulana m'chilankhulo cha kusukulu, chimene sichinali cha mayi wa aliyense wa iwo, ndipo mawu akawathera ankangoseka.

Lumo atamva nkhani ya makwereroyo anamupatsa dzina nthawi yomweyo: a Gwadenga. Dzinalo linakhala. Koma chimene chinamulasa mtima chinabwera pambuyo pake, pafoni. Chitsirizira anamuuza kuti ukwati ukachitikira kugombe la nyanja yamchere, pahotela ina ya pakati pa mayiko awiriwo, kuti pasakhale banja lochereza linzake, onse akakhale alendo. Zonse anali atakonza kale, matikiti a ndege omwe. Lumo anati zili bwino. Atatseka foni anakhala pampando wa makasitomala n'kumadziyang'ana pagalasi. Iye ankaganiza za holo ya kumapeto kwa msewu wawo, mmene anthu onse amene anawameta akanadzaona mwana amene anaphunzitsa ndi makina ake. Tsopano anali kuitanidwa ngati mlendo wina aliyense. Kwa a pabenchi anangoti mlongo wake akukakwatiwa pamchenga ngati nkhanu, ndipo anthu anaseka.

Awiriwo anabwera kudzaona Amayi nthawi ya ukwati isanakwane. Gwadenga anali wamtali, wofatsa, wosadziwa poika manja ake. Tsiku lina masana analowa yekha m'kanyumba kometeramo, benchi itadzaza, n'kukhala pampando. Lumo akumukulunga nsalu pakhosi, mlendoyo ananena pang'onopang'ono m'chilankhulo cha kusukulu kuti ali ndi pempho. Ankafuna kuti pa tsiku la ukwati adzalankhule kwa Amayi m'chilankhulo chawo. Ankafuna kudzawathokoza chifukwa chobereka ndi kulera mkazi ameneyu, kudzalonjeza kuti adzamusunga mpaka imfa, ndi kudzapempha kuti amutenge ngati mwana wawo. Chitsirizira asadziwe, adzangomva tsikulo.

Lumo anayankha m'chilankhulo chomwecho, koma chake chinali chothyokathyoka, cha munthu amene anasiyira sukulu panjira. Lilime linakodwa pa liwu lina, ndipo wina pabenchi anatsokomola moseka, mnzake n'kunong'ona kuti lero lumo labuntha. Nkhope ya Lumo inatentha. M'nyumba yake yomwe, pamaso pa anthu ake. Anawatsinzinira diso pagalasi, n'kuwerama pakhutu la mlamu wake, n'kumuuza kuti anene motere:

"Amayi, ine ndine galu wanu wopanda mchira. Mwana wanuyu ndamutola panjira. Ndikatopa naye, ndidzakubwezerani."

Gwadenga anabwereza, akupotoza mawu, ndipo benchi yonse inagwira pamimba. Iye anaganiza kuti akuseka katchulidwe kake, n'kuseka nawo. Anatulutsa foni n'kupempha Lumo kuti anenenso bwinobwino kuti ajambule mawuwo, ndipo Lumo ananenanso, momveka, ngati mphunzitsi. Potuluka mlendoyo anamugwira paphewa n'kumutcha m'bale wake.

Madzulo Lumo anafotokozera mkazi wake nkhaniyo akuyembekeza kuti aseka. Mkaziyo anasiya kupinda zovala n'kumuyang'ana, kenako anati amuimbire mlamu wakeyo asanagone. Lumo anati mawa. Mawa lake alendo anali pa ulendo wobwerera, ndipo zinthu zotere si zonena pafoni. Pambuyo pake anadziuza kuti munthu sangabise chinthu kwa mkazi amene akukhala naye pafupi. Chitsirizira amva akuyeserera, aseka, amukonzera, ndipo idzakhala nkhani yosekera pabanja. Miyezi inadutsa. Nthawi zina ankakumbukira ali pakati pometa munthu, dzanja n'kuima, kenako n'kupitiriza.

Nthawi ya ukwati itakwana, ananyamuka anthu ochepa: Amayi, amayi aang'ono, Lumo ndi mkazi wake. Amayi anali asanakwerepo ndege, ndipo anagwira dzanja la mwana wawo njira yonse. Hotelayo inali yoyera, ya makonde aatali, mphepo yake yonunkha mchere, ndipo madzi ankaomba usana wonse osapuma. Pakhomo anawalandira makolo a Gwadenga. Bambo ake anali kamunthu kakafupi, kovala kachipangizo kothandiza kumva, ndipo anagwira dzanja la Lumo ndi manja onse awiri osafuna kulisiya. Analankhula nthawi yaitali, Chitsirizira akumasulira. Anati anamva zoti mnyamata wina anasiya sukulu kuti mlongo wake aphunzire, ndipo pakanapanda mnyamata ameneyo mwana wawo bwenzi akuyendabe ndi ndodo, komanso ali yekha. Anati mpando wa bambo wa mkwatibwi ndi wa Lumo. Lumo anayang'ana pansi n'kuona mchenga utalowa kale mu nsapato zake zatsopano. Mkazi wake anamutsina pamkono, ndipo iye anadziwa chimene kutsinako kunkatanthauza.

M'mawa wa ukwati Gwadenga anatuma mawu kuti akufuna ametedwe ndevu ndi mlamu wake, osati munthu wina. Lumo anatenga kachikwama kake ka zida n'kupita, akudziuza kuti mpata ndi umenewu. M'chipindamo suti inali italendewera pachitseko cha kabati, zenera lili lotsegula. Anamukhazika pampando, n'kumupaka thovu, n'kuyamba. Asanapeze poyambira, mlamu wakeyo anakweza chala, n'kunena mawu aja onse, kuyambira pa galu mpaka pa kubweza. Anawanena bwino zedi, ngati wobadwira momwemo. Anati ankayeserera m'galimoto popita kuntchito, ndiponso padenga akamagwira ntchito yekha. Anati dzulo anawanenera mayi ake, ndipo analira ngakhale sanamve kanthu.

Lumo anapukuta lumo pathaulo nthawi yaitali. Kenako ananena, m'chilankhulo chake chothyoka chija, kuti mwina pali mawu angapo ofunika kusintha. Gwadenga anagwedeza mutu akumwetulira, n'kunena kuti asatero, chifukwa akasintha liwu limodzi aiwala zonse, mtima uli kale m'mwamba. Apa panangofunika kunena kuti: ndinakunamizani. Lumo anatsegula pakamwa. Chitseko chinagogodedwa, n'kulowa wojambula zithunzi pamodzi ndi bambo aja a kachipangizo kukhutu, amene anaomba m'manja poona mkwati ndi mlamu wake ali pamodzi, n'kupempha kuti ajambulidwe choncho. Pachithunzicho Lumo akumwetulira, lumo lili m'manja.

Mipando yoyera anaiyala pamchenga, miyendo yake ikumira munthu akakhalapo. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Mphepo inkakoka nsalu zimene anamanga pamitengo inayi kutsogolo, ndipo Chitsirizira anabwera wopanda nsapato, atagwira diresi ndi dzanja limodzi, lina lili m'mkono mwa Lumo. Anamunong'oneza kuti achimwene, mukunjenjemera kuposa ine. Lumo anamusiya kutsogolo n'kukakhala pampando wake, pakati pa Amayi ndi mkazi wake. Anapemphera kuti mphepo ikule, kuti chokuzira mawu chife, kuti munthuyo achite mantha n'kuiwala.

Malumbiro anatha, mphete zinavalidwa. Kenako Gwadenga anapempha chokuzira mawu, n'kuyenda mpaka pamene panali Amayi, n'kugwada pamchenga ndi bondo la mwendo wothyoka uja. Chitsirizira anaika dzanja pakamwa, maso akuwala, atazindikira kuti mwamuna wake wamukonzera chinachake. Mphepo inaleka ngati yauzidwa. Mawu anatuluka oyera, olemera, munthu akulira:

"Amayi, ine ndine galu wanu wopanda mchira."

Mnzake wina wa Chitsirizira, amene ankamva chilankhulocho, anaseka pang'ono kumbuyo, akuganiza kuti ndi nthabwala yokonzedwa.

"Mwana wanuyu ndamutola panjira. Ndikatopa naye, ndidzakubwezerani."

A kuchimuna anaimirira n'kuomba m'manja, mayi a mkwati akupukuta misozi. A kuchikazi sanaombe nawo. Amayi aang'ono anang'ung'udza kenakake kukhosi. Mkazi wa Lumo anasuntha bondo lake kuti lisakhudze la mwamuna wake. Dzanja la Chitsirizira linali lidakali pakamwa, koma maso anali atasintha, ndipo sanayang'ane mwamuna wake. Anayang'ana Lumo, molunjika, osaphethira.

Amayi anakhala kanthawi manja ali pamiyendo. Kenako anaimirira movutika, mpando ukupendekera mumchenga, n'kugwira nkhope ya mkamwini wawo ndi manja awiri.

"Dzuka, mwana wanga," anatero. "Ndamva zimene umafuna kunena."

Anamukumbatira, anthu n'kuombanso m'manja, ndipo nyimbo inayamba.

Pachakudya bambo a mkwati anapempha kuti mlamu wamkulu alankhule, poti anamva kuti kwawo ndi katswiri wa pakamwa. Lumo anaimirira, tambula ili m'manja. Anati akuthokoza onse chifukwa chobwera, ndipo Mulungu awadalitse. Anakhala pansi. Anthu anadikira, akuganiza kuti kukubwera zina, kenako anaomba m'manja mwaulemu. Lumo anakankhira mbale yake pambali. Anadzuka ngati akupita kuchimbudzi, n'kuzungulira kuseri kwa hotela, kumene ankayanika mathaulo pazingwe, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Anakhala pakhoma lalifupi, dzuwa likumuwotcha pamutu.

Amayi anamupeza komweko. Anakhala pambali pake, n'kuvula nsapato, n'kumakutumula mchenga mosafulumira. Lumo anayamba kunena kuti inali nthabwala chabe, kuti ankafuna kukonza, kuti anayesa m'mawa womwewo. Amayi anavala nsapato imodzi, inayo ili m'manja.

"Tsiku limene bambo ako anandiperekeza kwa makolo anga ndi katundu, iwe unali pakhomo ukusewera ndi waya," anatero. "Ndinkaganiza kuti unali wamng'ono, sunamve zimene ananena. Kani unamva."

Lumo anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. M'kanyumba kometera muja mawuwo anangobwera okha pakamwa, opepuka, ndipo sanadzifunse kumene anachokera. Tsopano anaona khomo lija, sutikesi yomanga ndi chingwe, ndi bambo ake ataimirira manja ali m'thumba, akunena kuti atopa naye, abwera kudzabweza. Anafuna kugwada, koma Amayi anamugwira paphewa n'kunena kuti lero agwadiridwa mokwanira. Anati iwo mawu amenewo anawamvapo kale ndipo sanafe nawo. Amene ayenera kupepesedwa ali uko.

Chitsirizira anabwera Amayi atangochoka, diresi atalikweza m'manja, m'mphepete mwake muli mchenga wonyowa. Sanakweze mawu. Anati mwamuna wake wakhala akumufunsa ngati ananena bwino, ndipo iye wakhala akuyankha kuti inde, pa tsiku loyamba la banja lawo, bodza. Anati munthu ameneyu anasiya chilankhulo chake n'kubwera kudzaima wamaliseche m'chawo, chifukwa chokhulupirira mlamu wake.

"Ine sindimuuza, achimwene," anatero. "Mukamuuze nokha. Liwu ndi liwu, monga munamuphunzitsira."

Lumo anapeza mlamu wake m'mphepete mwa madzi, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akuyang'ana mafunde. Gwadenga atamuona anatambasula manja, akufunsa ngati mphunzitsi wakhutira. Lumo anaima patali pang'ono n'kuyamba kumasulira. Chilankhulo cha kusukulu chija chinamuvuta kuposa kale, ndipo panalibe benchi yoti aitsinzinire diso. Atafika pa galu wopanda mchira, Gwadenga anaseka, n'kumuloza chala ngati wagwidwa ndi nthabwala yabwino. Atafika pa kutola panjira, kumwetulira kunatsala pakamwa pokha. Pa mawu otsiriza Lumo anasowa liwu loyenera, n'kuchita kusonyeza ndi manja, ngati munthu wobweza katundu wowonongeka kusitolo.

Gwadenga anafunsa ngati ananena zimenezo kwa mayi a mkazi wake, mkaziyo akumva. Lumo anavomera. Anafunsanso ngati amuna aja a pabenchi ankadziwa, ndipo Lumo anavomeranso. Mwamunayo anayang'ana madzi amene ankafika pamapazi ake n'kubwerera. Sanatukwane, sanakweze dzanja. Lumo akanakonda atamumenya. Anangotsitsa buluku lake, mwendo uwu kenako uwo, n'kumudutsa osamukhudza.

Lumo anamuona ali patali akupita pamene panakhala Amayi pamthunzi. Anaima pamaso pawo manja ali lende, wopanda liwu ngakhale limodzi loti anene, poti mawu onse amene ankadziwa m'chilankhulo chawo anali omwe aja. Amayi anamukokera mpando. Chitsirizira anabwera n'kukhala pakati pawo, mutu ukutembenukira uku ndi uku. Anakhala choncho nthawi yaitali, alendo akuvina kumbali, ndipo palibe anaitana Lumo.

Makolo a Gwadenga sanauzidwe. Tsiku lobwerera bambo aja anagwiranso dzanja la Lumo ndi manja onse awiri, n'kumuuza kudzera mwa Chitsirizira kuti nyumba yawo ndi yake, ndiponso kuti kanema wa mwana wawo akulankhula chilankhulo chachilendo akaonetsa abale onse. Chitsirizira anamasulira zonsezo ndi mawu osalala, akuyang'ana kumbali. Gwadenga anamupatsa dzanja mwaulemu ngati munthu amene wangokumana naye pabasi.

Kunyumba a pabenchi anali akudikira. Anafunsa ngati a Gwadenga anagwa nawo mawu aja. Lumo anati ukwati unayenda bwino, n'kuyatsa makina, ndipo munthu amene anali pampando tsiku limenelo anametedwa mwakachetechete mpaka anafunsa ngati kunyumba kuli maliro.

Chitsirizira anasiya kumuimbira. Nkhani zawo ankazimvera kwa Amayi: kuti asamukira m'nyumba ina, kuti mkamwini wapeza ntchito yaikulupo, kuti kanema uja anamudula pakati ponamizira phokoso la mphepo. Anamvanso kuti Lamlungu lililonse masana mkamwiniyo amaimba foni, ndipo Amayi amamuphunzitsa kulankhula, kuyambira pa moni. Lumo ankapewa kupita kwa Amayi nthawi imeneyo.

Lamlungu lina, chaka chitapita ndithu, anapita kukakonza loko wa chitseko cha kukhitchini n'kuchedwa. Foni inalira ali chogwada pansi ndi sikuludiraiva. Anamva mawu a mlamu wake akupereka moni, akufunsa za miyendo ya Amayi, akulakwitsa apa ndi apo, Amayi akumukonza moseka. Kenako mawuwo anafunsa kuti kukugogoda ndani. Amayi anayankha kuti ndi Lumo.

"Apatseni alamu," anatero Gwadenga.

Lumo anapukuta manja pabuluku n'kulandira foni. Mlamu wake anamufunsa ngati ali bwino, ndi ngati ntchito ikuyenda. Lumo anayankha mofulumira, mawu akuthamangitsana, ndipo winayo anamudula n'kupempha kuti alankhule pang'onopang'ono, poti adakali kuphunzira. Lumo anabwereza pang'onopang'ono. Anati ali bwino, ntchito ikuyenda, mvula yavuta chaka chino. Gwadenga anafunsa tanthauzo la kuvuta, ndipo Lumo anamuuza tanthauzo lake lenileni.

Chitsirizira sanabwere pafoni. Anangomveka chapatali, mbale zikulira, akuuza mwamuna wake kuti awauze achimwene agule nsapato zofewa, chifukwa kuima tsiku lonse pasimenti kuwawononga msana. Gwadenga anayesa kubwereza uthengawo, n'kusokoneza msana ndi masana, ndipo Lumo anati wamva, agula. Anabwezera foni kwa Amayi n'kugwadanso pachitseko kuti amalize lokoyo.